Chimake Chimene Anachitaya Padzala

Panali mayi wina, dzina lake Nangondo, amene anakwatiwa ndi munthu wofula njuchi. Mwamunayo anali Levisoni, mkamwini wofatsa, wosalankhulalankhula. Ming'oma yake anaipachika m'mitengo ya m'phiri la kuseri kwa mudzi, m'mwamba mwenimweni, kuopa chiuli ndi moto wolusa. Nyengo yofula ikakwana iye ankakwera, Nangondo n'kutsala pansi kusonkhezera utsi ndi kulandira ndowa ikamatsika pachingwe. Anagwira ntchitoyo limodzi mpaka imvi zinayamba kuwaonekera onse awiri.

Levisoni anali ndi mpeni wautali wodulira zisa, ndipo mpeniwo unali ndi chimake cha chikopa cha ng'ombe chimene anasoka yekha akali mnyamata. Chimakecho chinali ndi kakhutu kolowetsapo lamba, ndipo pakamwa pake panali pothina bwino, moti ngakhale munthu atazondoka mpeni sukanagwa. Ofula njuchi a dera limenelo anali ndi lamulo lawo, lakuti munthu sakwera mumtengo ndi mpeni wopanda chimake. Manja onse awiri ndi a mtengo, ndipo pansi pamakhala anthu.

Kenaka Levisoni anadwala chifuwa chosamva mankhwala. Tsiku limene analephera kukwera anavula lamba, n'kusomeka mpeni ndi chimake chake kudenga la khitchini, nati adzautenga akachira. Mvula inabwera n'kupita, inabweranso n'kupita. Mpeni unali pomwepo, pamwamba pa moto, chikopa chikumwa utsi ndi kutentha tsiku ndi tsiku. Nangondo analibe maso oyang'ana kudenga. Maso ake anali pamphasa pamene panagona mwamuna wake, ndipo pamphasa pomwepo ndi pamene Levisoni anatsirizikira.

Maliro atatha, achibale a mwamuna anabwera kudzagawa katundu. Anawatsogolera ndi malume a malemuyo, nkhalamba yaulemu wake, koma wapakamwa anali Jailosi, mng'ono wa Levisoni, wokonza njinga kumsika. Njinga inapita, wailesi inapita, jekete ndi nsapato zinapita. Nangondo anangokhala pakhonde akuyang'ana. Koma Jailosi atalowa m'khitchini n'kutulukamo ndi mpeni uja, mtima wa Nangondo unagunda.

Chimake chinali chitauma gwa, chakuda bii ndi mwaye, chopindika ngati nsomba yowamba. Mpeni unakanirira m'katimo. Jailosi anakoka ndi mphamvu zake zonse, ulusi unaduka, msoko n'kuphwasuka mbali imodzi, mpeni n'kutuluka. Anautembenuza padzuwa akumwetulira. Kenaka anayang'ana chimake chija, n'kuchiponya padzala anthu onse akuona.

"Icho ndiye chanu, alamu," anatero. "Mwafanana. Nonse mwauma."

Ena anaseka pang'ono, ena anayang'ana pansi. Mawuwo anamupweteka Nangondo kuposa kuchoka kwa njinga, chifukwa sanali abodza kwenikweni. Iye anali atauma ndithu. Kudwazika kunamudya thupi, masaya analowa m'kati, ndipo mawondo ankalira akamadzuka.

Inatsala nkhani ya ming'oma. Ming'oma anasema ndi Levisoni, koma inali m'mitengo ya kwawo kwa Nangondo, ndipo njuchi sungazimange pakaliyala ya njinga. Jailosi anati ndi yake, popeza mpeni wofulira uli m'manja mwake. Apo m'pamene Nangondo anatsegula pakamwa.

"Utsi wa ming'oma imeneyo unalowa m'maso anga ano, osati anu," anatero.

Malume anakanda chibwano, nati, "Njuchi sitingazigawe titakhala pansi. Nyengo yozizira ikafika tidzakumane patsinde pa mtengo waukulu uja. Amene adzakwere n'kufula bwino monga ankachitira malemu, ming'oma yonse ndi yake."

Jailosi anaseka mpaka mano a m'mbali. Ankadziwa kuti mkazi sakwera mumtengo, makamaka wa imvi, ndiponso mpeni unali kwa iye. Nayonso nkhalamba inaganiza kuti yathetsa nkhani mwaulemu, popanda kumuuza wamasiye pamaso kuti alibe chake. Koma kwa Nangondo ming'omayo ndiyo inali munda wake weniweni. Kamunda ka chimanga kanali ka miyala. Uchi ukachoka, iye akanakhala wodikira mbale pamakomo a abale ake mpaka imfa.

Alendo atachoka, Nangondo anapita padzala. Anachipeza chimake chija chitagona paphulusa, pakati pa makoko a maungu. Sanalire. Anali atapsa mtima kwambiri moti misozi inasowa podzera. Anachitola ndi manja awiri, n'kuchiuzira phulusa.

"Ati tauma," anatero. "Tiona."

Tsono chinthu chikaonongeka, aphungu sasowa. Wina anati achiviike m'madzi owira chifewe tsiku lomwelo. Wina anati achimize mu oilo wakuda wa kuchigayo. Wina anati achipake mafuta ambiri n'kuchiyanika pamwala masana dzuwa likuswa mtengo. Mchemwali wake, amene ankamukonda ndithu, anati angochibwezera padzala, zinthu za akufa zizipita ndi eni ake. Nangondo anawamvera onse, n'kuwathokoza onse, osachita ngakhale chimodzi. Iye anali atadwazika munthu, ndipo ankadziwa kuti amene wakhala nthawi yaitali osamwa sumutsanulira chikho chonse pakhosi. Umamupatsa ndi kasupuni, n'kudikira ameze.

Choyamba, sanachiongole. Manja ankayabwa kufuna kuchipinda kuti chibwerere mwakale, koma chikopa chouma ukachikakamiza chimathyoka, ndipo pothyoka sipalumikizika. Anatenga nthenga ya nkhuku n'kuchotsa mwaye wa pamwamba ndi wa m'kati. Kenaka ananyowetsa kansalu m'madzi ofunda a sopo pang'ono, n'kukafinya mpaka kusiya kudontha, n'kuyamba kupukuta. Kansalu kanada, anakatsuka, kanadanso. Pang'ono ndi pang'ono mtundu wakale unayamba kutuluka, wofiirira ngati nthaka ya katondo. Ndipo pafupi ndi pakamwa pa chimake panaoneka malo osalala, olowa pang'ono, pamene chala chachikulu cha Levisoni chinkatsamira posolola mpeni. Nangondo anaikapo chala chake. Apo ndiye analira, kulira kumene sanalire pamaliro, ndipo atatha anapitiriza kupukuta.

Anachikulunga m'nsalu yachinyezi n'kuchiika mumtsuko wopanda madzi, pamthunzi, kuti chinyezi chilowe chokha. Ndiye anafuna mafuta. Sanapite patali. Padzala pomwe paja, pamene Jailosi anaponya chimake, panamera nsatsi zosadzala munthu, zitakhwima kale. Anazithyola, anaziyanika, anazikazinga, anazisinja, anaziwiritsa, n'kuyenga mafuta odzaza kansupa kakang'ono.

M'mawa uliwonse ankadonthetsa dontho limodzi pachala n'kulitikita pachikopa mozungulira, kunja ndi m'kati, makamaka m'ming'alu. Chikopa chinkamwa nthawi yomweyo n'kuoneka ngati sichinalawe kanthu. Ankaonjezera dontho lina, mwina lachitatu, basi n'kuchibwezera pamthunzi. Ntchito yake inali yotopetsa, chifukwa inalibe choonetsa. Lero chouma, mawa chouma, mkuja choumabe.

Tsiku lina mtima unathamanga. Anamva ngati kakhutu ka lamba kafewa, ndipo anakapinda kuti aone. Kanalira kuti the, mng'alu watsopano n'kutseguka. Nangondo anadzitukwana yekha mokweza mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. Anazindikira kuti wachita zomwezo anachita Jailosi, kukoka chinthu chisanalole. Anathira dontho pamng'alupo, n'kukhala masiku angapo osayesanso kupinda. Chipsera chimenecho sichinachoke, koma sichinakulenso.

Chikopa chitayamba kumvera, panabuka vuto limene sanaliganizire. Chimake chopanda kanthu m'kati chikafewa n'kumauma, chimafota. Mbali zake zimayandikana, pakamwa pamatsekeka, ndipo chimaiwala mpeni wake. Anayesa kulowetsamo kampeni ka ndiwo, koma kanali kafupi ndi kopyapyala, kongogwedera. Anakatulutsa msanga, kuopa kuti chikopa chingazolowere mpeni wolakwika.

"Pita kwa alamu ako ukabwereke mpeni," anatero mchemwali wake. "Sabata imodzi yokha. Ukagwada bwino sangakane."

"Ndikagwade kwa Jailosi?" anatero Nangondo. "Mawondo anga ndi ouma, achemwali. Mwaiwala?"

Kuseri kwa nkhokwe kunali mpini wa khasu wothyoka, wa mtengo wa muwanga, wolimba ngati chitsulo. Anaung'amba ndi nkhwangwa n'kuyamba kusema ndi kampeni ka ndiwo kaja. Analibe chofanizira, koma manja ake ankaudziwa mpeni wa Levisoni, chifukwa ndi iye amene ankautsuka uchi nyengo iliyonse. Ankadziwa kutalika kwake, kutupa kwa mimba yake, polowa pamene mwala wonolera unadya, ndi nsonga yake yoyang'ana m'mwamba pang'ono. Anasema, anapala ndi phale la botolo, anayesa m'chimake, anatulutsa, anapalanso. Mbali ya kukamwa anaipala mpaka inapyapyala, popeza malo ake m'chimake anali opyapyala. Potsiriza mpeni wa mtengo unalowa wonse n'kukhazikika, chikopa n'kuukumbatira mbali zonse.

M'dengu la mwamuna wake anapezamo chibuma cha phula lakale. Pofuna kubenthula kachidutswa, anangotenga mpeni wa mtengo uja chifukwa ndiwo unali pafupi, ndipo unadula phulalo bwinobwino. Nangondo anauyang'ana nthawi yaitali. Sanauze munthu chimene chinabwera m'mutu mwake.

Anapota ulusi wa khonje, anaupaka phula, n'kusoka msoko wophwasuka uja ndi singano ya matumba. Sanaboole bowo latsopano ngakhale limodzi. Anatsata mabowo akale, amene anaboola Levisoni, chifukwa chikopa chokalamba ukachiboola pafupi ndi bowo lina chimang'ambika. Atamaliza anasungunula phula pang'ono, analisakaniza ndi mafuta a nsatsi, analisiya lizizire, n'kupaka pamwamba ponse. Anakhuta ndi nsalu youma mpaka mkono unawawa. Chimake chinayamba kuwala, osati ngati chatsopano ayi, koma ngati chinthu chimene chili ndi mwini wake.

Ndiye anachivala. Anatenga lamba wakale wa mwamuna wake, amene ogawa katundu sanamuone, n'kumumanga pamwamba pa chitenje. Ankadziwa kuti chikopa chimafewa ndi kutentha kwa thupi ndi kuyenda, osati ndi kugona m'dengu. Anapita nacho kumjigo, kuchigayo, ngakhale kumaliro a mudzi woyandikana nawo. Anthu sanachedwe kudziwa kuti m'katimo muli mtengo.

"Nangondo walowa usilikali!" ankafuula amuna a pabawo. "Tathawani, wabwera ndi chida!"

Iye ankawapatsa moni aliyense ndi dzina lake n'kupitirira. Zinkamupweteka, musaganize kuti sizinkamupweteka. Koma akafika pakhomo ankakhudza pamalo a chala paja, mtima n'kukhala pansi.

Panali chinanso. Akatha kutikita chikopa, pazala pankatsala mafuta, ndipo m'malo mopukutira pansalu ankawapaka m'mawondo ndi m'mapewa. Kuseri kwa nyumba kunali mtengo wa mango. M'mamawa ankavala buluku lakale la Levisoni m'kati mwa chitenje n'kukwera mpaka nthambi yoyamba, basi n'kutsika. Tsiku loyamba anatsika n'kukhala pansi mpaka dzuwa linakwera. Sanadzikakamize. Thupi lake analichita monga ankachitira chikopa, pang'ono lero, pang'ono mawa. Nthambi yoyamba itazolowereka anafika yachiwiri.

Mudzi ulibe mpanda wotchinga maso. Mayi wina wamkulu wa kumpingo anabwera kudzamulangiza, nati n'zochititsa manyazi munthu wamkulu ngati iye kulendewera m'mitengo, ndipo mkazi akakwera mango mtengowo umasiya kubala.

"Ukasiya kubala ndidzadya uchi, amayi," anayankha Nangondo, n'kuwayalira mphasa mwaulemu wonse.

Mbiri ya mpeni weniweni nayo inkamufika, popeza opita kumsika samabwerako ndi mchere wokha. Ati Jailosi anausokera chimake cha chubu cha njinga, mpeni n'kuching'amba tsiku lomwelo. Ati anauika m'thumba la buluku, n'kuboola thumba. Ati tsopano ankaukulunga m'chiguduli n'kuusiya pawindo, mkazi wake n'kumasendera chinangwa, ndipo dzimbiri linali litayamba kuuwaza mawanga. Nangondo akamva zimenezi sankasangalala. Unali mpeni wa mwamuna wake.

Nyengo yozizira inafika. M'mawa wina wa nkhungu, njuchi zisanachangamuke, anthu anasonkhana patsinde pa mtengo waukulu. Anabwera ambiri kuposa amene anaitanidwa, chifukwa nkhani ya mayi wa mpeni wa mtengo inali itafala. Malume anaima pafupi ndi tsinde atatsamira ndodo. Mng'oma unali m'mwamba pamphanda, ndipo mtengo wamakwerero umene Levisoni anausema unali woyedzamira pomwe anausiya.

Jailosi anayamba, monga mwamuna. Anamasula chiguduli, n'kusomeka mpeni palamba. Atangonyamula mwendo kuti aponde kwerero loyamba, nsonga inamubaya pantchafu. Anausolola, anauyang'ana, anayang'ana manja ake awiri, kenaka anauluma ndi mano n'kuyamba kukwera.

"Bambo," anatero Nangondo kwa malume aja, "tasunthani pamenepo. Munthu sakwera ndi mpeni wopanda chimake."

Nkhalamba sinakonde kuuzidwa zochita ndi mkazi pagulu, komabe inasuntha phazi limodzi, la ulemu chabe. Jailosi anafika pamphanda. Utsi anauiwala pansi chifukwa cha changu. Njuchi imodzi inatuluka kudzaona mlendo, inamuzungulira, n'kutera pamlomo wa m'mwamba.

"Mayo!"

Mpeni unatsika nsonga patsogolo n'kuzika m'nthaka, pamalo enieni pamene malume anali ataima. Nkhalamba inayang'ana chigwiriro chikunjenjemera pambali pa phazi lake, kenaka inangonena liwu limodzi.

"Tsika."

Jailosi anatsika mlomo utayamba kale kutupa. Anazula mpeni m'nthaka, ndipo potembenuka maso ake anagwera m'chiuno mwa Nangondo. Anali asanachione chimake chija chiponyereni padzala. Tsopano chinali chowongoka, chofiirira, chonyezimira ndi phula, msoko wake uli ndondondo.

"Chimake chimenecho ndi cha achimwene anga," anatero. "Chimayenda ndi mpeni. Bweretsani kuno, alamu, ndimalize ntchito."

Ambiri anagwedeza mitu kuvomereza, chifukwa zinkamveka zanzeru. Kuno mpeni wopanda chimake, uko chimake chopanda mpeni, ndipo mwamuna wokwera alipo. Mchemwali wake anamunong'oneza kuti apereke, mwina adzamugawirako uchi. Malume nawo anati, "Nangondo, mubwerekeni mwanayu, nkhani ithe mwamtendere."

Nangondo anaopa. Koma dzanja lake linali pachikopa, ndipo chikopacho chinali chofewa.

"Ayi," anatero.

"Mwati chiyani?"

"Ndati ayi, bambo. Ichi Jailosi anandipatsa yekha, inu mukuona, ena onsewa akuona. Anachiponya padzala nati n'changa. Tsiku limene chinali chouma chinali changa. Lero chafewa, chikadali changa."

"Ndiye mufula ndi chiyani?" anakuwa Jailosi. "Ndi chipande?"

Anthu anaseka. Nangondo anamasula chitenje n'kuchimanga pamutu ndi m'khosi, buluku la Levisoni n'kuonekera poyera, amayi ena n'kugwira pakamwa. Anayatsa mtolo wa udzu wauwisi, anaumanga kuchingwe pamodzi ndi ndowa, nsonga ina ya chingwe n'kuimanga palamba. Panafunika munthu wotsala pansi, wogwira ntchito imene iye ankagwira kale. Anayang'ana uku ndi uku. Mchemwali wake anausa moyo, anapukusa mutu, n'kubwera kudzagwira ndowa.

Nangondo anakwera ndi manja onse awiri. Sanafulumire. Pakwerero lililonse ankaima, phazi likhazikike, kenaka linalo. Atafika pamphanda anakhala bwino, anakoka chingwe, utsi n'kufika. Anaufukiza pakhomo pa mng'oma n'kudikira, anafukizanso n'kudikiranso, mpaka kulira kwa njuchi kunatsika. Imodzi inamuluma padzanja, ina kuseri kwa khutu. Analuma mano osagwedezeka. Anatsegula chitsekero, chala chachikulu n'kupita chokha pamalo aja, ndipo mpeni wa muwanga unatuluka m'chimake mosakana.

Chisa cha uchi n'chofewa, abale anga, sichifuna chitsulo. Mpeni wa mtengo unadutsa m'mbali mwake bwinobwino. Anadula zisa zokhwima zokhazokha. Za ana a njuchi sanazikhudze, ndipo anasiya uchi wina kuti eni ake asasamuke, monga ankachitira Levisoni. Atamaliza anatseka mng'oma, anabwezera mpeni m'chimake osayang'ana n'komwe, anatsitsa ndowa, n'kutsika ndi manja awiri monga anakwerera.

Malume anasuzumira m'ndowa. Anaona zisa zoyera, zodulidwa mwaukhondo, zopanda mphutsi. Anayang'ana mayi uja, khutu litatupa koma ataima chilili.

"Ndinanena ndekha," anatero. "Ming'oma ndi ya Nangondo."

Ofula njuchi ali ndi mwambo wina. Aliyense wopezeka patsinde pa mtengo amalawa, kaya ndi mbale, kaya ndi munthu wongodutsa. Nangondo anasolola mpeni wake wa mtengo, anadula chisa n'kupereka kwa malume atagwada. Anadula china n'kupita nacho kwa Jailosi. Chopatsidwa timalandira ndi manja awiri, ndipo dzanja limodzi la Jailosi linali ndi mpeni. Anayang'ana palamba, anayang'ana m'thumba lobooka, anasowa pouika. Anawerama n'kuugoneka pansi, n'kulandira.

Anadya pang'ono ndi mlomo wake wotupawo. Kenaka, motsitsa mawu kuti ena asamve, anati, "Alamu, mpeniwu kwathu ulibe pokhala. Ingoutolani."

Nangondo anauyang'ana uli pamasamba, dzimbiri lili mawangamawanga. Anaufuna. Mtima wake wonse unaufuna, ndipo akanangowerama basi. Koma sanawerame.

"Ine sinditola zinthu za mwamuna wanga pansi kawiri," anatero, mokweza kuti onse amve. "Unachoka pakhomo panga masana, anthu akuona. Ukafuna kubwerera, udzabwere pakhomo pomwepo, masana, m'manja mwanu awiri. Malo ake ndinasunga."

Anasenza ndowa yake n'kuyamba kutsika phiri, mchemwali wake ali pambuyo ndi chingwe, mpeni wa mtengo uli m'chiuno. Amuna a pabawo aja anapatuka kumupatsa njira.

Tsono inu amene mwakhala pano, ndikudziwa kuti ena mwa inu anakuponyani padzala ndi pakamwa, nati mwatha, mwauma. Mwina sananame kwenikweni. Koma musathamangire kukagwada kwa amene ananyamula zonyezimira. Tolani chimene anakusiyiranicho. Musachiike pamoto, musachikoke, musachimize m'mafuta kuti anthu aone msanga. Dontho lero, dontho mawa, pamthunzi, ndipo malo a chimene munataya muwasunge ngakhale ndi mtengo. Adzakusekani, sekani nawo. Koma tsiku limene chidzawale, yemwe anachitaya uja adzabwera atatambasula dzanja, ndipo anthu abwino adzakuuzani kuti mupereke nkhani ithe mwamtendere. Tsiku limenelo musayang'ane pansi. Mudzamupatse uchi alawe, koma chimake musavule.